Chuku cha pa Mtengo wa Mfumu Sindilakwa

Ku Ufumu wa Tilichete chamba chinali tchimo kwa zaka makumi anayi, kenako Lachiwiri lina m'mawa chinasanduka chitukuko. Pa chambacho palibe chinasintha ayi, masamba omwewo, fungo lomwelo. Kungoti Mfumu Sindilakwa Yachitatu inamva kuti amalonda akunja akuchifuna chopangira mankhwala, basi n'kuitanitsa a wailesi, n'kulengeza kuti iyo inali itaziona kalekale, anthu ndiwo ankachedwa kumvetsa.

Musaganize kuti zitseko za ndende zinatseguka. Amene anamangidwa chifukwa cha chamba anatsala momwemo, poti iwo analima chamba chija cha tchimo, osati ichi cha chitukuko. Ndipo kuti anthu wamba asasokonezeke mitu, lamulo linati chamba chololedwa ndi cholimidwa m'nyumba basi, nyumba yakenso imodzi, chinyumba cha magalasi chomwe anamanga kuseri kwa nyumba yachifumu mumzinda wa Gwadani. Mawindo onse anawakhomerera n'kumata m'mbali kuti fungo lisatuluke, chifukwa mphuno ya mmphawi ilibe chilolezo.

Tsono anthu a ku Tilichete sachita kanthu popanda mwambo. Mtengo uliwonse wa chamba unali m'ndowa yakeyake, ndi chikwangwani cha dzina la mwini wake. Pakati penipeni panali mtengo wa Mfumu. Nduna iliyonse inali ndi wake, akulu a asilikali, oweruza milandu, alamu a Mfumu, mpaka mkulu woyang'anira maambulera a kunyumba yachifumu. Mmene munthu ankakhalira pafupi ndi Mfumu pamsonkhano ndi mmenenso ndowa yake inkakhalira pafupi ndi ndowa ya Mfumu. Ndiye mukuwadziwa anthu a maudindo. Aliyense akalowa ankakankhirako ndowa yake pang'ono ndi phazi, maso ali kudenga ngati akupemphera. Pofika mwezi wachitatu mitengo mazana awiri inali itaunjikana pakati, nthambi zitalukana, malo ena onse m'chinyumbamo ali pululu.

Panalinso mwambo wa kapu. M'mawa uliwonse eni mitengo onse ankandanda pamzere, aliyense ndi kapu ya madzi, n'kumathira pamutu pa mtengo wa Mfumu akunena kuti, "Mukule, Mwini Dziko." Makapu mazana awiri tsiku lililonse, m'nyumba yosalowa mphepo. Magalasi ankachita thukuta mpaka kudonthera anthu m'khosi, koma wojomba ankalembedwa dzina, choncho palibe ankajomba.

Chuku chinayambira pa mitu ya mtengo wa Mfumu. Poyamba kunali timadontho toyera pamasamba, ngati munthu wawazapo ufa. Kenako mitu inayamba kumera ubweya wotuwa, ukaitsegula m'kati muli bii, mofewa, mukununkha ngati bulangete lomwe lagona pamvula. Patatha sabata chinalumphira pa mtengo wa Nduna Yaikulu. Chitachoka apo chinagwira wa mkulu wa asilikali, kenako wa woweruza wamkulu, kutsika choncho mwaulemu, osadumpha udindo ngakhale umodzi. M'mbiri yonse ya Tilichete palibe mlendo anatsatapo ndondomeko ya maudindo bwino chotere.

Khonsolo ya ufumu inakumana masiku atatu. Amene anapulumutsa dziko ndi Olemekezeka Nyambitani, Nduna ya za Masamba ndi Chiyembekezo, munthu woti Mfumu ikatsokomola iye amayamba kumwa mankhwala.

"Mwini Dziko," anatero atagwada, "anthu osaphunzira akuti ichi n'chuku. Ine ndapenyetsetsa. Izi ndi imvi. Mtengo wanu wakhwima nzeru usanakwane miyezi inayi, ndipo imvizo zikufalikira kwa okhawo amene ali pafupi ndi inu."

M'manja munaombedwa mpaka zikhatho kufiira. Lamulo linatuluka madzulo omwewo loti ubweya wotuwa uja uzitchedwa imvi za ufumu. Apa mpamene zinthu zinafika pomvetsa chisoni, chifukwa amene mitengo yawo inali yobiriwira bwinobwino anayamba kusowa mtendere. Mtengo wopanda imvi unkatanthauza kuti mwini wake ali kutali ndi Mfumu. Achiwiri kwa nduna ankabwera ndi mipango, kupukuta pamtengo wa abwana awo, n'kukasisita pa wawo. Mkulu wa maambulera uja anachita phwando tsiku lomwe mtengo wake unayamba kuola.

Ku msika wa Nong'onezani nkhani inafika m'mawa mwake. Mayi Nazimbiri, ogulitsa mtedza, anali kusankha mtedza pa lichero, woola akuponya pambali. Bambo Kalilangwe, osoka nsapato pa benchi yoyandikana nawo, anawayang'ana kwa kanthawi.

"Mayi, mukutaya nzeru za ufumu pamenepo," anatero.

"Tolani mukadye, bambo, mwina akupatsani unduna."

"Ine mimba yanga ndi ya munthu wamba. Siingathe udindo."

Imvi zija zinatha ulemu tsiku lomwe kunabwera wogula wochokera kunja. Analowa m'chinyumbamo, ananunkhiza kamodzi, natulutsa kampango n'kutseka pamphuno. Anatsegula mutu umodzi wa chamba ndi zala, nauza womasulira kuti izi akapatsa wodwala chifuwa ndiye kuti akumukumbira manda. Anati adzabweranso pakatha miyezi itatu, ndipo akadzapeza zomwezi adzapita kukagula ku ufumu woyandikana nawo. Madzulo ake wailesi inalengeza kuti Mfumu inali itazindikira kuyambira pachiyambi kuti chinali chuku, inkangofuna kuona nduna zomwe zinganame.

Ndiye panayamba nkhondo yolimbana ndi chuku. Nduna khumi ndi ziwiri zinapita kunja kukaphunzira, zinabwerako ndi masutikesi atsopano. Anapopera mafuta onunkhira, chuku chinangonunkhira. Asilikali anaguba kuzungulira chinyumbacho kasanu ndi kawiri ng'oma zikulira. Anakhazikitsa Tsiku Lodana ndi Chuku, ana asukulu n'kuimba nyimbo padzuwa mpaka ena kukomoka. Za mawindo, za makapu, za ndowa zounjikana, palibe anatchulako, chifukwa zimenezo zinali mwambo.

"Anthu odziwa chamba m'dziko muno alipo," anatero Mayi Nazimbiri kumsika, akuyeza mtedza m'kambale. "Boma linawasonkhanitsa lokha pamalo amodzi, n'kuwaikira ndi mlonda yemwe."

Mawuwo anayenda, monga amayendera mawu a kumsika, mpaka anakafika ku khonsolo ngati maganizo a Olemekezeka Nyambitani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nduna inakwera galimoto n'kupita ku ndende ya Zolowerani.

Kumeneko oyang'anira ndende anaionetsa Mayi Nasibeko. Mayiwa analima chamba m'mapiri kwa zaka makumi awiri, n'kuphunzitsa nacho ana atatu, mpaka tsiku lomwe apolisi anawapeza akuyanika. Anawalamula zaka zisanu ndi zinayi, ndipo tsopano kunali kutatsala miyezi isanu ndi itatu yokha. Koma miyezi isanu ndi itatuyo inkawawawa kuposa zaka zonse zija, chifukwa mwana wawo wamkazi, Tiyanjane, anali ndi pathupi poyamba, kutatsala miyezi iwiri kuti achire. Mwana wako kulowa m'chikuta popanda mayi ake womuphikira phala ndi kumusambitsira khanda, imeneyo ndi nkhani yomwe inkawasowetsa tulo.

"Mayi, Mfumu yakukumbukirani," inatero nduna, itaima patali pang'ono kuopa nsabwe. "Chuku mumachidziwa?"

"Ndimachidziwa, bwana. Chimakonda chinyontho ndi malo opanikizana. Muno tili nacho chambiri."

"Mungachithetse?"

"Masabata atatu, mukandimvera."

Nduna inatulutsa pepala la chidindo chofiira n'kuwawerengera. Linati Mfumu, mwa chifundo chake chosayezeka, yafafaniza mlandu wonse wa Mayi Nasibeko kuyambira lero, ndipo adzapita kwawo tsiku lomwe chuku chidzathe m'chinyumba cha magalasi. Mayiwo anawerengera zala. Masabata atatu, kuonjezapo ulendo, adzafika kwawo Tiyanjane asanayambe n'kumva msana komwe. Anadinda chala mwachangu, akuopa kuti bwanayo angasinthe maganizo.

Atalowa m'chinyumbamo anaima pakhomo, thukuta kamukamu nthawi yomweyo. Anayang'ana mulu wa mitengo pakati, anayang'ana mawindo okhomerera, anayang'ana matope a m'ndowa ya Mfumu momwe munali mutayamba kumera ndere.

"Kodi amalima muno ndani?" anafunsa.

"Boma," inayankha nduna.

"Zikuoneka."

Tsono zaka zisanu ndi zitatu za kundende zimaphunzitsa munthu kulankhula ndi akuluakulu. Mayi Nasibeko anadziwa kuti akanena kuti ndowa zitalikirane, adzamva za mwambo mpaka dzuwa kulowa. Choncho anafunsa nduna ngati n'zoona kuti ku Tilichete wantchito amakhudzitsa phewa lake pa phewa la Mfumu. Nduna inadzidzimuka n'kunena kuti zimenezo sizingachitike, munthu amagwada mapazi atatu kuchokera pampando. Nanga mitengo iyi, anatero mayiwo, ikukhuza bwanji mtengo wa Mwini Dziko ngati anzake a pabawo? Tsiku lomwelo ndowa zonse zinabwezedwa m'mbuyo, iliyonse kutalikirana ndi inzake, ndipo anajambula mizere pansi kuti phazi la munthu wopemphera lisakankhenso.

Za makapu anafunsa kuti ndi mwana wa ndani amathira mkulu madzi kumutu. Madzi amathira kumapazi, utagwada, munthu mmodzi, dothi likauma. Za mawindo anafunsa ngati n'koyenera kuti mtengo wa Mfumu uzipuma mpweya womwe wapuma kale mtengo wa mkulu wa maambulera. Akalipentala anabwera ndi nyundo, mawindo anatseguka, anaikamo ndi mafani anayi. Vuto la fungo analithetsa ndi lamulo lina, loti aliyense wodutsa kuseri kwa nyumba yachifumu azitsina mphuno. Anthu ankadutsadi atatsina, akupumira kukamwa, akufika kumsika akumwetulira.

Ntchito yeniyeni anaigwira okha. Mutu uliwonse wotuwa anaudula pansi pa pomwe paola, kuuika m'thumba pomwepo osaugwedeza, n'kukautentha kunja. Akadula mtengo umodzi ankatsuka mpeni asanakhudze wina. Anathothola masamba ouma ndi a m'munsi kuti mphepo izidutsa, anakolopa pansi, anatsuka magalasi ndi ndowa ndi sopo ndi madzi otentha. Mitengo makumi atatu yomwe inali itaoleratu anaitulutsa, eni ake akulira ngati pamaliro. Mtengo umodzi wokha ndi womwe sanaukhudze, chifukwa pambali pake panali msilikali ndi mfuti, ndipo lamulo linkati wodula ngakhale tsamba limodzi la mtengo wa Mfumu wadula Mfumu, chilango chake chingwe.

Pakutha pa masabata atatu chinyumbacho chinali chobiriwira, mitengo ikugwedezeka ndi kamphepo. Mayi Nasibeko anamanga kampukutu kawo. Nduna inabwera kudzayendera, n'kupeza timadontho toyera pa mitengo inayi ya mzere woyamba, yoyang'anana ndi wa Mfumu.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

"Chuku, bwana."

"Ndiye sichinathe."

"Sichingathe gwero lake lili chiimire. Taonani." Analoza ndi kamtengo, osakhudza. Mitu ya mtengo wa Mfumu inali mbuu, ndipo fani ikauzira, kafumbi kotuwa kankauluka kupita kwa oyandikana nawo. Tsinde lake linali litada mpaka m'munsi. "Uwu waola mpaka m'kati. Ngakhale mutausambitsa ndi mkaka suchira. Utuluke, utenthedwe ndi dothi lake lomwe, ndowa itsukidwe. Pakatha masabata awiri mudzaiwala kuti chuku chimaoneka bwanji."

Nduna inayang'ana msilikali uja, inayang'ana kudenga, kenako inanena motsitsa kuti sinamve chilichonse.

Mayi Nasibeko anapempha kuonana ndi Mfumu. Anawalola patatha masiku khumi. Anagwada mapazi atatu kuchokera pampando, n'kuyesa njira yawo ija. Anati mtengo wa Mwini Dziko watumikira mokwanira, ukuyenera kupuma mwaulemu, kutenthedwa ndi mwambo wa boma, mizinga ikulira, kenako pabzalidwe wina wa mbewu yabwino n'kuikapo chikwangwani chomwecho.

Mfumu inamwetulira mwachifundo. "Mayi, mukunena kuti pamalo panga pabzalidwe wina?"

 M'bwalomo ngakhale ntchentche zinaleka kuuluka.

"Ndikunena za mtengo, Mwini Dziko."

"Inenso ndikunena za mtengo. Mtengo wanga sudwala. Ukuvutika chifukwa cha mitengo yoipa yomwe yauzungulira. Inu mwanena nokha kuti chuku chapezeka pa mzere woyamba. Tenthani mzere woyamba."

Anatentha mzere woyamba. Ndipo popeza munthu wopanda mtengo sangakhale ndi udindo, nduna zinayi zinachotsedwa ntchito tsiku lomwelo, wailesi n'kutamanda Mfumu chifukwa chosanyengerera zoola. A mzere wachiwiri anasunthidwa kutsogolo, kwawo kukuchitika madyerero. Patatha masabata awiri timadontho toyera tinaoneka pa mitengo yawo. Anatenthanso. Kuyambira pamenepo ku Tilichete nduna zimasinthidwa kawiri pamwezi, ndipo mayiko ena amatumiza anthu kudzaphunzira za utsogoleri wosalekerera. Olemekezeka Nyambitani okha ndiwo sanapse, chifukwa anapempha modzichepetsa kuti mtengo wawo ukhale pafupi ndi chitseko, kuti uzilondera adani.

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka," anatero Bambo Kalilangwe kumsika, akukhoma chidendene cha nsapato.

"Sapheka, inde," anayankha Mayi Nazimbiri. "Koma kwathu sitiswa makapu onse m'nyumba n'kumati tikulanga khoswe."

"Kwanu kulibe khonsolo, mayi."

Wogula uja anabweranso pa nthawi yake. Anamuyendetsa m'mizere yakunja, momwe chamba chinali choyera ngati cha m'mapiri, pakati atatchingapo nsalu ya mbendera. Anagula zonse za m'mizere imeneyo nalonjeza kubweranso. Mfumu inalandira mendulo kuchokera kwa iyo yomwe. Mayi Nasibeko anawapatsa yunifolomu yobiriwira, kachipinda kumbuyo kwa chinyumbacho, ndi dzina laudindo lotalika moti silinakwane pa baji.

Uthenga wochokera kwawo unawapeza akutsuka mpeni. Tiyanjane anachira, mwana wamkazi. M'chikuta anamusamalira ndi apongozi ake, mayi oti phala lawo limachita kuimika supuni. Mayi Nasibeko anakhala pansi pa simenti n'kulira, msilikali wa pamtengo uja akuyang'ana kumbali. Atatha anadzuka n'kupitiriza, chifukwa mzere woyamba unali utayambanso madontho.

Anayesa zonse zomwe munthu angayese osakhudza mtengowo. Anatembenuza mafani kuti kafumbi kaziulukira kuwindo. Anapempha kuti aumangire kachipinda kakekake ka ulemu, khonsolo inakana, ati Mfumu siitalikirana ndi anthu ake. Anasiya kuuthirira kuti uume wokha, koma nduna zatsopano zinkabwera mobisa ndi mabotolo a madzi m'matumba a jekete, aliyense kufuna kuti adzakumbukiridwe. Mtengowo sunafe ndipo sunachire. Unkangophukira timasamba tiwiri kumwamba, kumunsi ukuola, chuku chikuuluka.

Tsiku lomwe miyezi isanu ndi itatu inakwana, Mayi Nasibeko anavula yunifolomu, anavala chitenje chomwe anamangidwa nacho, n'kudikira Olemekezeka Nyambitani pakhomo la chinyumbacho.

"Bwana, lero ndi tsiku langa lotuluka. Zaka zisanu ndi zinayi zakwana."

"Zaka ziti, mayi?"

"Za mlandu wanga."

"Inu mulibe mlandu. Unafafanizidwa. Munadinda nokha." Nduna inatulutsa pepala lija m'chikwama, likadali losalala bwino. "Apa pakuti mudzapita chuku chikadzatha. Chatha?"

Mayiwo anatulutsa mpeni wawo wodulira, anaugwira kunsonga, n'kuloza chigwiriro kwa nduna. "Inu mukudziwa chomwe chikufunika. Msilikali uyo akudziwa. Ogulitsa mtedza kumsika akudziwa. Ndi kudula kamodzi kokha, bwana, tsinde lake ndi lofewa ngati nthochi. Inu ndi nduna. Tengani."

Olemekezeka Nyambitani anaika manja kumbuyo n'kubwerera phazi limodzi.

"Mdzukulu wanga wayamba kukhala pansi yekha," anatero mayiwo. "Sindinamuonepo. Ngati simungadule, ndibwezeni ku Zolowerani. Andiwonjezere ngakhale chaka chifukwa cha mwano. Kumene kuja kuli nsabwe, koma munthu amadziwa tsiku lake."

Nduna inapukusa mutu, ndipo inkaoneka kuti yakhumudwa zenizeni.

"Mayi, musanyoze chifundo cha Mfumu. Kundende kumapita anthu olakwa. Inu munakhululukidwa."

Inawatsegulira chitseko cha chinyumbacho mwaulemu wonse, iwo n'kulowa, iyo n'kukhoma loko kunja.